Munthu Amene Ankaima Kuseri kwa Mbendera

Uthenga wa imfa ya a Bitilinyu unandipeza Lachitatu masana ndili m'munda wa nzimbe, tikulimbana ndi paipi yophulika. Ndikanakonda kunena kuti ndinalira pomwepo, koma ndinganame. Chimene chinandigwira chinali mantha. Ndinawerenga masiku pa zala, Lachinayi, Lachisanu, ndipo ndinadzifunsa kuti Loweruka likakwana adzaima ndani kuseri kwa mbendera ya dzenje lachisanu ndi chiwiri. Papita miyezi iwiri tsopano, funsolo silinapeze yankho, ndipo manthawo sanandichoke.

Kwa inu amene simunafikeko, kalabu yathu ya gofu kuno ku Chikwawa ndi yaing'ono, maenje asanu ndi anayi okha, ndipo osewera ake ndife anthu apantchito amene tinayamba masewerawa titakula kale, misana itauma. Dzenje lachisanu ndi chiwiri, limene tonse timangoti pa seveni, ndilo loopsa. Ukamenya bwino koyamba, umakaima kutsogolo kwa damu lothirira nzimbe, ndipo mbendera imakhala tsidya lina la madziwo, pa kabwalo ka udzu wometedwa mpala kamene timati gilini. Mpira ukaperewera ndi wa m'madzi, ndipo palibe amene amalowamo kukautola chifukwa mumakhala ng'ona. Ukapitirira umadutsa pamwamba pa mpanda wa zitsamba wofika m'chiuno, ndipo kuseri kwa mpandawo, mapazi osakwana makumi atatu, kuli mjigo wa mudzi. Pa mjigopo amatungapo mayi NyaTchale, akazi awo a Bitilinyu, amene ali ndi diso limodzi. Linalo linaphulitsidwa ndi mpira wa gofu pamalo omwewo iwo ali mtsikana, nthawi imene panali chitsime chabe.

Tsono a Bitilinyu ankachita chinthu chimene sindinachimvepo kwina kulikonse. Loweruka lililonse, gulu loyamba la osewera likamayandikira damu, ankasiya chilichonse chimene chili m'manja, n'kuzungulira madziwo ndi kayendedwe kawo kokoka mwendo, n'kukaima pakati pa mbendera ndi mpanda. Ankavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri pamimba ngati munthu wolowa m'tchalitchi. Ankaima pamenepo mpaka gulu lomaliza litadutsa, padzuwa lathu la ku chigwa kuno limene limafewetsa phula pamsewu. Mpira ukamapitirira ankakuwa kuti amayi a pa mjigo aphimbe mitu, chifukwa ife tikakuwa tsidya lino mawu athu samveka, amamezedwa ndi kulira kwa mjigo ndi phokoso la zigubu. Koma sankangokuwa. Mpira ukalunjika ku mpanda, iwo ankaulondola ndi thupi. Iwe uli tsidya lino ndi ndodo m'manja, ukuona mbendera, ndipo kuseri kwake ukuona chifuwa cha nkhalamba. Amene sanaugwirepo mpira wa gofu asaganize kuti ndi wa mphira wofewa. Kanthu kaja n'kolimba ngati mwala wa mumtsinje.

Sinali ntchito yolembedwa ayi. Anayamba ali mnyamata ngati kedi, wonyamulira osewera chikwama cha ndodo, kenako anakhala wosamalira udzu, ndipo pamene ine ndinkawadziwa anali atapuma kale. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wa mano ochepa, wolankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena. Zaka zawo sankazidziwa, ndipo ukawafunsa ankati funsa mtengo wa msangu wa pafupi ndi ofesi ya kalabu, anaupeza ukufika m'mawondo. Nsapato ankavala Loweruka lokha, za mphira zodula pamwamba, ndipo ankaziponda pamalo amodzimodzi mpaka udzu unasiya kumerapo.

Kuimako kunali kongomalizira chabe. Ntchito yawo yeniyeni inali yoti mpira usafike n'komwe kumene aimako. Analibe mphamvu iliyonse yoletsa munthu kusewera, koma watsopano aliyense ankadziwa kuti asanaponde pa seveni ayenera kukayezedwa kaye ndi mdala. Ine anandiyeza chaka chimene ndinakwezedwa kukhala woyang'anira zothirira, nditagula ndodo zakale kwa mnzanga wa ku Kapichira. Ananditengera pa bwalo lophunzirira m'mamawa, n'kundipatsa mipira khumi ndi ndodo yachitsulo ya nambala eyiti. Ndodo zimenezi zili ndi manambala, ndipo nambala ikamachepa mpira umapita kutali, moti seveni imaposa eyiti. Ndinamenya yonse khumi. Umodzi unauluka mokongola mpaka ine ndinadzimva kuti ndine munthu pakati pa anthu. Tikupita kukaiona, mdala anautola wokongolawo n'kuuponya m'thumba osauyang'ana n'komwe, anatolanso woipitsitsa, kenako anawerenga mapazi kukafika pakati pa isanu ndi itatu yotsalayo. Anati pamenepo ndiye muyezo wanga weniweni. Ndinatsutsa, ndinati uja wa m'thumba ndamenya ndine ndemwe, si mzukwa. Anandiyankha kuti munthu akadya nyama pa Khirisimasi sayenda akuuza anthu kuti kwathu ndiwo ndi nyama. Ndinakwiya.

Ankanena kuti ife ophunzira tili ndi matenda awiri. Oyamba ndi okumbukira mpira umodzi wabwino n'kuiwala makumi oipa, ndiye timatenga ndodo yoperewera n'kugwetsera m'madzi. Achiwiri amabadwa kuchokera ku oyambawo: tikamiza mipira iwiri itatu timayamba kuopa madzi, timatenga ndodo yaikulu n'kumenya ndi mtima wonse, ndiye mpira umapitirira. Matenda oyambawo ankawaseka mpaka kutsokomola. Ine ankandiseka kuposa onse, ankati kodi munthu wodya za madzi tsiku ndi tsiku angaope bwanji damu limene amalitsegula yekha, ndipo anandipatsa dzina loti bwana Madzi limene landikakamira mpaka lero. Koma matenda achiwiriwo sankawaseka. Akaona kuti munthu wayamba kuopa madzi, nkhope yawo inkagwa, ndipo ankamutsatira mpaka ku galimoto akumulankhula chapansipansi.

Anali ndi miyezo itatu ya kukweza manja: m'chiuno, paphewa ndi pakhutu. Ndodo iliyonse unkayenera kudziwa kuti ukakweza kufika m'chiuno imagwetsa mpira pati, paphewa pati, pakhutu pati, koma liwiro la manja likhale limodzimodzi, ngati mayi wodziwa kusinja amene sapupuluma ngakhale alendo ali pakhomo. Ukawauza pamene mpira wako waima ankakudula mawu. Iwo ankafuna pamene wagwa, chifukwa kugwa ndi kwa manja ako koma kugudubuzika ndi kwa nthaka, ndipo nthaka imasintha. Mu Okutobala pansi pamauma gwa, mpira umagwa n'kudumphanso kufika m'mutu mwa munthu, ndipo mpweya wotentha umaunyamula kuposa mmene umachitira m'nyengo yozizira. Mvula ikagwa umangoti phwa n'kukhala pomwepo. Zonsezi sanazilembepo pa pepala, poti sukulu sanapite nayo patali, koma muyezo wa aliyense wa ife, anthu oposa makumi awiri, unali m'mutu mwawo. Loweruka m'mawa ankatidikira poimika magalimoto. Ankathothola udzu pang'ono n'kuuponya m'mwamba kuti aone mphepo, ankaponda pansi ndi chidendene, kenako ankapita kwa mmodzimmodzi n'kumuuza nambala ya ndodo ndi muyezo wa manja wa pa seveni tsiku limenelo. Ukatchula nambala ina ankangoti nkhabe, kukana kwa Chisena kuja, n'kumakuyang'ana mpaka uchite manyazi. Mawu oyamikira, oti pyadidi, anali ovuta kutuluka m'kamwa mwawo. Ine ndinawamva kamodzi kokha pa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndifika pamenepo.

Anakangana ndi anthu ambiri, ndipo sikuti nthawi zonse ankalankhula mokoma. Anyamata a mu ofesi atabwera ndi kachipangizo kosuzumira kamene kamakuuza mayadi otsala kukafika pa mbendera, mdala anakapempha, anasuzumira nthawi yaitali, n'kukayamikira kuti n'kanzeru ndithu. Kenako anafunsa ngati kamanenanso kutalika kwa manja a mwini wake. Atamva kuti ayi, anakabweza n'kunena kuti kadziwa mtunda wonse wopita ku Nsanje koma sikadziwa mafuta amene ali m'thanki. Mmodzi wa anyamatawo anawatcha wachikale pamaso pa anthu. Loweruka limenelo mpira wa mnyamatayo utadumpha n'kukagwera m'zitsamba za mpanda, mdala anautola, anauika m'thumba, ndipo sanaubweze mpaka mwini wake atavomera kukamenya mipira khumi ija.

Mkangano waukulu unali ndi kapiteni wa kalabu wa nthawi imeneyo. Alendo ochokera ku Blantyre anadandaula kuti munthu woima kuseri kwa mbendera amawasokoneza, ena anati n'zochititsa manyazi, ndipo kapiteni anali ndi mfundo yomveka yoti tsiku lina tidzanyamula mtembo pa gilini. Komiti inamanga ukonde wautali kutsogolo kwa mpanda. Unakhala miyezi inayi. Mphepo ya mvula yoyamba inagwetsa mitengo yake, ndipo pofika m'mawa ukondewo unali utapita, akuti unaoneka ku Makhanga ukugwira milamba. Ngakhale miyezi inayi imene unalipoyo mdala ankaimabe kutsogolo kwake, ankati ukonde sukuwa. Kapiteni atatopa anawaitanitsa pakhonde la kalabu, ife tikumva, n'kuwauza kuti akaimanso pamenepo awaletsa kulowa pa geti. A Bitilinyu anavula chipewa, anayang'ana pansi, n'kuyankha mwaulemu wonse.

"Ndichotseni, bwana. Koma Loweruka mudzaimepo ndinu."

Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo kapiteniyo sanaiyambenso mpaka anasamutsidwa.

Munthu mmodzi yekha amene a Bitilinyu analephera kumugonjetsa anali akazi awo. Anawachonderera zaka ndi zaka kuti Loweruka asamatunge pa mjigo umenewo, azipita ku wina wa kumunsi kwa mudzi. Mayi NyaTchale ankati wa kumunsiwo ndi wa mchere, sopo sachita thovu ndipo nyemba zimakhala tsiku lonse pamoto osapsa. Ankatinso iwo sangasinthe tsiku lochapa chifukwa cha azibambo akuluakulu othamangitsa dzira la nkhuku. Ndiye Loweruka lililonse ankabwera ndi ndowa zawo, pamodzi ndi amayi ena ndi ana, n'kuima pa chogwirira cha mjigo atayang'ana ku mpanda, kumene kunali msana wa amuna awo. Ankapopa akuwakalipira msanawo, za mbuzi imene yalowa m'dimba, za denga lodontha, ndipo mdala sankatembenuka, maso ali tsidya lina la damu. Tinkamva zidutswa za mkanganowo tikafika pa gilini, ndipo tinkaseka chamumtima.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la mpikisano wa kalabu, mu Okutobala, zaka zitatu zapitazo. Ndinali nditamiza mipira pa seveni Maloweruka atatu otsatizana, ndipo anzanga anali atayamba kunena kuti ng'ona ya m'damu ikunenepa chifukwa cha bwana Madzi. Zinkandiwawa, ndisabise. M'mawa umenewo mdala anaponya udzu m'mwamba, unauluka kulowera ku mudzi, kusonyeza kuti pa seveni mphepo idzakhala kumbuyo kwathu. Anafika pa ine n'kunena kuti eyiti, paphewa, ndipo anabwereza kawiri, chinthu chimene sankachita. Ndinavomera.

Tinafika pa damu dzuwa lili paliwombo. Madzi anaoneka otambalala kuposa masiku onse. Anzanga atatu anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinkadziwa kuti akudikira kuseka. Ndinapisa dzanja m'chikwama kuti nditenge eyiti, ndipo ndinatulutsa seveni. Sindinalakwitse ayi, ndinadziwa chimene ndikuchita. Ndinadziuza kuti ndimenya pang'onopang'ono, koma manja atayamba kukwera anapitirira phewa mpaka pakhutu, ndipo ndinamenya ndi mkwiyo wa Maloweruka atatu. Mayo ine, sindinamenyepo mpira wabwino ngati umenewo moyo wanga wonse. Unachoka mosamveka n'komwe m'manja, unakwera, mphepo inaulandira, unadutsa damu, unadutsa mbendera uli m'mwamba. Pamenepo ndi pamene ndinaona mutu wa duku lofiira ukudzuka kuseri kwa mpanda, mayi NyaTchale akuweramuka ndi ndowa, ndipo mpira ukulunjika pomwepo.

Mdala anakuwa kamodzi, anasuntha mapazi awiri kumanzere, n'kutukula chifuwa. Kugunda kwake tinakumva tsidya lino la madzi. Anakhala pansi mwadzidzidzi, kenako anagona chammbali, chipewa chili m'manja.

Sindikumbukira mmene ndinazungulirira damu. Ndikukumbuka kuti ndinagwa kamodzi, ndipo m'mutu munkangobwera mawu oti ndapha munthu, ndapha munthu. Ndinawapeza maso ali otsegula, akupuma mofulumira, phewa lakumanzere litagwa moonetsa kuti fupa lathyoka. Mayi NyaTchale anali atadutsa kale pa mpanda, atagwada, akuwathira madzi kumaso. Mdala atandiona sanatukwane, sanabuule. Anandifunsa funso limodzi.

"Munatenga nambala yanji, bwana?"

Ndinati eyiti. Inde, ndinanama, munthu wamkulu wa ana anayi, pamaso pa nkhalamba imene ndaithyola fupa. Ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: nkhope ya a Bitilinyu inadzaza mantha. Anayesa kudzuka, anagwira mwendo wa buluku langa, n'kunena mothamanga kuti ngati inali eyiti ndiye kuti mutu wawo wafa, ndipo onse amene awauza manambala m'mawa uja awanamiza. Anati wina athamange akaimitse magulu amene akubwera m'mbuyo, ndipo amayi ndi ana achoke pa mjigo msangamsanga. Za fupa sankazilabadira n'komwe, chimene chinkawaopsa chinali anthu khumi ndi awiri amene anali asanafike pa damu, aliyense ali ndi nambala yawo m'mutu.

Ndinagwada n'kunena zoona, kuti inali seveni, ndipo ndinakweza mpaka pakhutu. Anandiyang'ana kanthawi, akuwerengera m'mutu, milomo ikuyenda. Kenako anatsitsa mutu pa udzu, anatseka maso, n'kunena kuti, "Pyadidi." Ndi nthawi yokhayo imene ndinamva mawuwo kuchokera kwa iwo.

Ndinawatengera ku chipatala pa galimoto yanga. Tsiku lachitatu ndinapita kukawaona, ndipo akazi awo atatuluka kukatsuka mbale, mdala anandiuza kuti ndikokere mpando pafupi. Ndinaganiza kuti tsopano andidzudzula, ndipo ndinkafuna atatero. Koma anandiuza nkhani ya diso lija. Mudzi wonse unkadziwa kuti anamenya mpirawo ndi mzungu wina wa pa esiteti ya nzimbeyi, kalekale, amene anabwerera kwawo. Chimene anthu sankachitchula n'chakuti kedi wa mzunguyo anali iwo. Bwanayo anali atamiza mipira iwiri m'damu tsiku limenelo, anali atawatukwana kale kawiri, ndipo anatambasula dzanja osayang'ana kuti ampatse ndodo. Mnyamata Bitilinyu ankadziwa kuti yoyenera ndi seveni, koma poopa kutukwanidwa kachitatu anapereka faifi. Anati mzungu uja sanasankhe kanthu, anasankha ndi iwo. Ndi iwonso amene ananyamula mtsikanayo kupita naye ku chipatala, magazi akuyenderera pa malaya, ndipo patapita zaka ziwiri anamukwatira. Anati zaka zonsezi sanawauze akazi awo za ndodoyo, ndipo anandipempha kuti ndisadzawauze, chifukwa sakanatha kupirira kuyang'anidwa ndi diso lotsalalo litadziwa. Anamaliza n'kunena kuti sangandikwiyire, poti matenda anga anawadwalapo iwo poyamba. Ndinatuluka m'chipatalamo ndikulira ngati mwana, anthu a pakhonde akundidabwa.

Maloweruka atatu amene anagona, tonse tinkadumpha dzenje la seveni, palibe anachita kutiuza. Loweruka lachinayi tinawapeza ataima pamalo pawo, dzanja atalikoloweka pa nsalu m'khosi, chipewa atachipanira ndi dzanja linalo. Ananditumizira uthenga kuti tsiku limenelo ndi eyiti, paphewa, ndipo akufuna aone mpira wanga pa gilini, osati m'madzi. Ndinamenya. Unagwa kutsogolo kwa mbendera n'kuima. Anangogwedeza mutu pang'ono n'kuyang'ana gulu lotsatira.

Sanafe ndi mpira. Anadwala chifuwa masiku ochepa mvula isanayambe, n'kutsirizika masana atakhala pa mkeka kuseri kwa nyumba yawo. Pa maliro anthu a gofu tinakhala mbali imodzi, titavala bwino kuposa onse, osadziwa poika manja. Titabwera ku manda mayi NyaTchale ananditumizira mdzukulu kuti ndilowe m'nyumba. Ndinalowa ndi mantha, poti ndinali ndisanalankhulepo nawo maso ndi maso chichitikire ngozi ija. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo anayamba kundifotokozera za amuna awo zimene ife tonse sitinkazidziwa. Anati tinkawaona ngati munthu wolimba mtima, koma Lachisanu lililonse ankatsegula m'mimba, ndipo Loweruka m'mawa sankatha kumeza ngakhale phala. Chipewa ankachigwira ndi manja awiri kuti ife tsidya lina tisaone mmene manjawo akunjenjemerera. Anati iwo ankawaona bwino kuchokera pa mjigo, miyendo ya buluku ikugwedezeka, ndipo n'chifukwa chake ankawakalipira za mbuzi ndi denga, kuti mdala amve kuti kumbuyo kuli munthu.

Kenako ananditembenuzira diso lawo lotsala lija n'kundifunsa ngati amuna awo anandiuza za nambala faifi. Anaseka pang'ono, osati mosangalala, n'kunena kuti anazidziwa sabata yomweyo imene diso linaphulika, makedi anzawo a mdala anauza alongo a mayiwo. Anati amene anamenya mpira sanabwere kudzawaona ngakhale tsiku limodzi, koma amene anapereka ndodo ankabwera tsiku lililonse ndi nthochi ziwiri, ndipo iwo anawakhululukira bala lisanapole. Ndinafunsa chifukwa chake sanawauze amuna awo zaka zonsezo kuti akudziwa, poti munthu uja wapita m'manda ndi katundu ameneyo. Anayankha akusisita bondo.

"Ndinkafuna kuwauza, mwananga, Loweruka lililonse ndinkafuna. Koma ndikanawauza mwina akanasiya kuima. Ndipo pa mjigo paja sinditunga ndekha."

Atatero analira, ndipo amayi amene anali panja analowa, ine ndinatuluka.

Maloweruka awiri oyamba maliro atachitika tinadumpha dzenje la seveni polemekeza malemu. Loweruka lachitatu wina anati gofu ya maenje asanu ndi atatu si gofu, ndipo tinayambiranso. Komiti ikuti ikufunafuna ukonde wina. Poimika magalimoto palibenso woponya udzu m'mwamba, aliyense amasankha ndodo yekha, ndipo mwezi uno kwalowa anthu atsopano awiri amene sanayezedwepo ndi wina aliyense. Ine ndinayesa kukaima pamalopo kamodzi. Ndinaponda m'mapazi mwawo, ndinagwira kapu yanga ndi manja awiri. Nditangomva kulira kwa ndodo tsidya lina la damu ndinapezeka nditanjuta, mikono ili kumutu, chonsecho mpirawo unagwera m'madzi. Ndinapirira magulu awiri okha n'kuchokapo ndi manyazi. Ndimadziuza kuti ndibwereranso, ndipo Lachisanu likafika m'mimba mwanga mumayamba kuwira.

Loweruka lathali ndinafika pa gilini ya seveni nditamaliza kumenya, ndinasiya anzanga n'kupita kuseri kwa mbendera. Malo aja alipo, mabala awiri a dothi loyera, lakumanja lalitali pang'ono chifukwa cha mwendo wokoka uja. Ndi mvula imene yagwayi kapinga wayamba kulowerera kuchokera m'mbali, ndipo wometa udzu watsopano amangodutsapo ndi makina ake osadziwa kuti ndi chiyani. Ikamatha nyengo ino sipadzaoneka kanthu. Pa mpanda pali mpata pamene mayi NyaTchale anathyola zitsamba tsiku lija, sipanatsekeke. Kudzera pa mpatawo ndinaona mjigo, zigubu zachikasu zili pa mzere, ana awiri akusewera ndi matope pa ngalande, ndi mayi NyaTchale akupopa. Poyamba sindinamvetse chifukwa chake akuvutika chotero, chogwirira chikuwagunda m'chigongono. Asintha poima. Sayang'ananso ku mpanda monga ankachitira zaka zonse zija. Tsopano amapopa ataima chammbali, osalankhula, akuteteza diso lotsalalo, ndipo mbali imene amaipereka kwa ife ndi ya diso lakufa lija.